Kuseri kwa Mipanda ya Mafakitale: Lusaka Amangepo Nyumba Kapena Asungire Ntchito?

Amene wakwera minibasi pa Lumumba kulowera ku Matero, kapena kutsata msewu wa Mumbwa kudzera ku Chinika, amaona zinthu ziwiri zosayenerana zitagundana. Mbali ina kuli mipanda italiitali ya mabuloko, waya wamagetsi pamwamba. Ukasuzumira pa geti umaona bwalo lalikulu, udzu wofika m'chiuno, shedi ya malata adzimbiri, malole awiri kapena atatu oimikidwa, ndi mlonda ali pampando kuwothera dzuwa. Mbali inayo kuli Kanyama, Chibolya ndi George, kumene nyumba zinathithikana mwakuti m'tinjira tina wilibala imadutsa chokhula makoma, ndipo banja lonse limagona m'zipinda ziwiri za lendi.

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni mumzinda wa Lusaka, ndipo chigawo cha Kanyama chokha chili ndi anthu oposa theka la miliyoni. Pafupifupi 7 mwa anthu 10 alionse a mumzindawu amakhala m'makomboni. Pothina chonchi, malo aliwonse ogona amakopa maso. Ena akuti mabwalo a mafakitale akale, pamodzi ndi maenje omwe okumba miyala anasiya ku Misisi, asanduke nyumba zosanja, misika ndi mabwalo osewerera. Ena akuti malowo ndi a ntchito, ndipo akangopita m'manja mwa omanga mafulati sadzabwereranso. Onse awiri ali ndi mfundo zolemera, ndipo ofunika kuwamvera bwino ndi a ku komboni, chifukwa ndiwo adzapindule kapena kulira.

Kuti mkanganowu umveke, ndi bwino kukumbukira kuti makomboni ambiri a Lusaka anabadwa ndi mafakitale omwewo. Pamene atsamunda ankasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone mu 1935, pulani yomwe anayambira, ya katswiri wa ku Britain Stanley Adshead, inali ya mzinda wamitengo ndi maluwa wokhalamo azungu. Munthu wakuda ankayembekezeka kubwera yekha, kugwira ntchito, n'kubwerera kumudzi. Koma omanga mzindawo anafunika pogona. Eni minda ndi makontrakitala analola antchito awo kuzika tinyumba pamalo awo, ena n'kumatolera lendi. Mayina a makomboni akusimbabe mbiriyi. Marapodi ndi dzina la Mtaliyana amene ankawotcha laimu. George ndi George Hadjipetrou, mwini malo amene ankaumbitsa njerwa. John Laing ndi John Howard anali makampani omanga. Misisi inamera m'mbali mwa maenje okumbamo miyala. Ufulu utabwera mu 1964, malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anatha mphamvu, ndipo timisasa ta antchito tija tinakula kukhala midzi ya anthu zikwizikwi.

Ndiye kuti oyamba kusandutsa malo a mafakitale kukhala mokhalamo anthu mu Lusaka sanali makampani ogulitsa nyumba. Anali amphawi, ndi manja awo, popanda ngalande, popanda mapaipi a suweji, popanda wowayezera dothi.

Gawo lachiwiri la mbiriyi ndi la zaka za Pulezidenti Kaunda ndi zotsatira zake. Boma, kudzera mu kampani yake ya INDECO, linali mwini wa mafakitale ambiri kumadzulo kwa njanji. Bambo wa ku Matero kapena ku George ankadzuka m'mamawa, ovolosi m'thumba, kuyenda wapansi kupita ku Lenco komwe ankapanga ngolo, mabodi a mabasi ndi mafelemu a zitseko, kapena ku magalaja a kampani ya mabasi ya UBZ. Chipani cha MMD chitalowa m'boma mu 1991, lamulo logulitsa makampani a boma linadutsa mu 1992, malire anatsegukira katundu wakunja, ndipo makampani ambiri sanapirire. UBZ inathetsedwa mu 1995, Lenco nayo inafota n'kutseka. Sikuti dera lonse la mafakitale linafa ayi. Zambian Breweries ikufululabe pa msewu wa Mungwi, zigayo zikuluzikulu zikugayabe ufa, Trade Kings inayamba m'zaka zomwezo n'kukula kwambiri, ndipo matanki a mafuta adakalipo. Koma mabwalo ambiri anasanduka mosungira katundu wochokera kunja, moimika malole, mogulitsira zitsulo zakale, ena matchalitchi, ena angokhala. Pamwamba pa izo, boma likukopera mafakitale atsopano ku Lusaka South Multi-Facility Economic Zone, malo a mahekitala oposa 2,000 kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda, ndi ku zoni ina kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Ngati fakitale yamawa idzamangidwe kutaliko, malo a fakitale yadzulo adzakhala a chiyani?

Ofuna kumanga amayambira pa kuyandikira. Kuchokera ku Chinika kapena ku Misisi munthu amafika ku Soweto Market, ku City Market kapena pa Cairo Road wapansi. Kwa mayi wogulitsa ndiwo amene amapikula mbandakucha, kapena mnyamata wokankha wilibala, kuyenda wapansiko ndi ndalama: ya basi imene sanalipire ndiyo ya makala a madzulo. Malo otere, iwo akutero, ndi odula kwambiri kuti azisungira udzu ndi zitsulo zadzimbiri. Misewu ilipo kale, mawaya a magetsi a ZESCO alipo kale, mapaipi a madzi anafika kale. Kumanga pamenepa n'kotchipa kwa mzinda wonse kusiyana ndi kukoka zonsezi makilomita makumi awiri kupita kuthengo.

Ndipo kuthengoko n'kumene Lusaka akuthawira. Mapuloti akudulidwa kulowera ku Chongwe, ku Chibombo, ku Chilanga ndi ku Kafue, pa minda yomwe inkadyetsa mzindawu. Nkhani ya Forest 27 anthu sanaiwale: kuyambira 2017 mbali zina za nkhalango imeneyi, yomwe imasunga magwero a mtsinje wa Chalimbana, zinachotsedwa chitetezo n'kugawidwa mapuloti, ndipo phokoso lake linafika kumakhoti. Ofuna kumanga m'kati mwa mzinda amafunsa kuti n'chifukwa chiyani tikudula nkhalango yotipatsa madzi pamene mabwalo a simenti yosweka ali chigonere pafupi ndi tauni. Pulani yaikulu ya mzinda, yomwe inakonzedwa ndi thandizo la bungwe la ku Japan la JICA mu 2009, inalozanso komweko: mafakitale atsopano apite kunja motsatira misewu yozungulira mzinda, ndipo makomboni oyandikira tauni akonzedwenso.

Mfundo yawo yopweteka kwambiri ndi ya maenje. Amene anafikapo ku Misisi ndi ku Kuku amadziwa madamu aja, Ngwenya ndi Blue Water, omwe si madamu omangidwa koma mabala osiyidwa ndi okumba miyala. Madzi ake ndi akuya, m'mphepete mwake muli zinyalala, udzudzu umaswana, ana amasewera pomwepo, ndipo anthu amirapo. Mvula ikachuluka madziwo amatuluka n'kulowa m'nyumba. Mu 2010 mabanja a m'makomboni amenewa anasamutsidwa kukakhala m'matenti pa Independence Stadium. Kolera nayo imadziwa njira yake. Mliri womwe unayamba mu October 2017 unagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka n'kupha pafupifupi 100; mu January 2018 Kanyama inaikidwa pa lamulo loletsa kuyenda usiku ndipo asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu. Wa 2023 mpaka 2024 unaposa pamenepo: odwala oposa 20,000 m'dziko lonse, akufa pafupifupi 700, National Heroes Stadium n'kusanduka chipatala. Munthu amene waona zimenezi sangauzidwe kuti zinthu zikhale momwe zilili. Ofuna kumanga amati Kanyama ndi Misisi sizingakonzeke popanda kutsegula njira za ngalande ndi mapaipi, njirazo sizingatseguke popanda kugwetsa nyumba zina, ndipo ogwetseredwawo ayenera kupita pafupi. Pafupi pomwe pali malo ndi kuseri kwa mipanda ija.

Chitsanzo amachitenga ku Johannesburg, mzinda womwe Azambia ndi Amalawi ambiri amaudziwa ndi mapazi. Dera la Newtown linali la msika wakale, nyumba yopangira magetsi ndi mabwalo a njanji. Mu 1976 msika wa zipatso unasanduka Market Theatre, nyumba ya magetsi ija pambuyo pake inakhala maofesi, ndipo mu 2005 panatsegulidwa mafulati a lendi mazana angapo otchedwa Brickfields, omangidwa ndi Johannesburg Housing Company kuti anthu a malipiro apakati ndi ochepa akhale m'kati mwa tauni. Dzina lomwelo likukumbutsa kuti pamalopo pankaumbidwa njerwa, monga ku George. Ngati kumeneko zinatheka, iwo akuti, ndalama za penshoni za NAPSA, zomwe zinamanga Levy Junction mu 2011, zingalephere bwanji kumanga mafulati a antchito omwe amasonkha ndalamazo?

Otsutsa samakana kuti ku komboni n'kothina. Amangofunsa kuti munthu akalowa mufulatimo adzalipira lendi ndi chiyani.

Ntchito za anthu a ku komboni zimafuna malo, ndipo ndi ntchito zaphokoso, zafumbi, zamoto. Ingoyendani m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga. Mageti achitsulo aimikidwa motsamira mitengo, ena opakidwa kale utoto wofiira woteteza dzimbiri, ena akali mafupa okhaokha. Wowotcherera wagwada pansi, magalasi akuda kumaso, waya wa makina ake wadutsa pamwamba pa ngalande kuchokera m'nyumba ya munthu. Pambali pake kalipentala akukhoma sofa panja, nsalu itafunditsidwa pulasitiki poopa fumbi la magalimoto. Patsogolo pang'ono amayi akhala pansi miyendo chotambasula, nyundo m'manja, kuphwanya miyala n'kuiunjika milumilu yogulitsa pa wilibala. Zomwezi zili pa msewu wa Katima Mulilo ku Garden, ndi ku Buseko komwe kumagulitsidwa matabwa ndi udzu wofolera. Awa ndiwo mafakitale a Lusaka wa lero, ndipo akugwirira ntchito m'mphepete mwa msewu chifukwa alibe kwina. Mvula ikagwa ntchito yaima. Khonsolo ikafuna kukuza msewu, oyamba kuchotsedwa ndi iwo. Otsutsa akuti ngati pali shedi yopanda ntchito ku Chinika, yokhala ndi denga, simenti pansi ndi magetsi amphamvu, woyenera kulowamo poyamba ndi wowotcherera uja ndi anyamata ake ophunzira ntchito.

Amawonjeza kuti zoni zatsopano zija zili kutali ndi kumene antchito amakhala. Kuchoka ku George kupita ku Lusaka South ndi ulendo wodutsa mzinda wonse, mabasi osachepera awiri, pamene dera lakale la mafakitale lili pakhomo pa Kanyama, George ndi Matero. M'mawa uliwonse anthu amatuluka m'makomboniwa wapansi kukaima pa mageti kudikira ganyu yotsitsa matumba kapena yopakira katundu. Ganyuyo ndi yochepa, koma ilipo chifukwa malowo akali a ntchito. Ndipo malo a mafakitale akangosinthidwa kukhala a nyumba zogona, mtengo wake umakwera mwakuti palibe wopanga mipando kapena sopo angadzawagulenso. Oyandikana nawo atsopano amayambanso kudandaula za phokoso ndi utsi, mpaka fakitale yotsalayo nayo imasamuka.

Chomwe otsutsa amaopa kwenikweni si nyumba. Ndi mall. Kuyambira pamene Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, Lusaka wadzaza ndi ma mall: Arcades, Levy, East Park pa malo a yunivesite, Cosmopolitan pa msewu wa Kafue pafupi ndi Chawama. Amalemba anthu ntchito, inde, ya pa tilu, yaulonda, yokolopa. Koma katundu wambiri wa m'mashelefu amachokera kunja, ndipo mayi wa kantemba wa ku Chawama sapeza benchi m'menemo. Mwini malo akapatsidwa ufulu wosankha, amamanga chimene chibweze ndalama msanga, ndipo nyumba za lendi yotsika sizikhala pa mndandanda umenewo.

Kalingalinga yemweyo akuonetsa mmene zimathera. Komboni imeneyi inakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany, ndipo poti ili pakati pa yunivesite, Kabulonga ndi Mass Media, malo ake anakwera mtengo. Lero m'mbali mwa msewu mukumera maofesi, mashopu ndi malo omwetsera mafuta pomwe panali nyumba za mabanja. Landilodi amene wagulitsa amalandira ndalama zomwe sanazigwirepo chibadwire, ndipo palibe angamunene. Koma kuseri kwa nyumba yake kunali zitseko zinayi kapena zisanu za alendi. Iwo amangouzidwa kuti mwezi ukatha asamuke. Salandira kanthu, ndipo amakapezeka ku Mtendere East, ku Kalikiliki kapena kutali kuposa apo, ana atasiya sukulu yomwe anazolowera.

Ngati Johannesburg ndi chitsanzo cha mbali ina, otsutsa ali ndi Mumbai. Pakati pa mzinda umenewu ku India panali mafakitale a nsalu pa maekala pafupifupi 600. Sitalaka yaikulu ya 1982 itawagwetsa, boma la chigawocho linaika lamulo mu 1991 loti malo a fakitale yotsekedwa agawidwe patatu: gawo limodzi la mabwalo ndi zosowa za mzinda, lina la nyumba za anthu wamba, lachitatu la mwini. Mu 2001 mawu a lamulolo anasinthidwa kuti kugawako kukhudze malo okhawo opanda chomangidwapo, ndipo mu 2006 khoti lalikulu la dzikolo linavomereza. Gawo la anthu wamba linachepa kwambiri. Pomwe panali makina oluka nsalu pali nyumba zosanja za olemera ndi mall ya Phoenix, ndipo ambiri mwa antchito akale akhala zaka zambiri akudikira nyumba zomwe analonjezedwa. Lamulo labwino linalipo. Linafooketsedwa ndi mawu ochepa omwe anthu wamba sanawaone akusinthidwa. Mu Lusaka, komwe aliyense akudziwa mmene makada a zipani akhala akugawira mapuloti pa malo osakhala awo, mantha amenewa si ongopeka.

Pali nkhani ina imene mbali zonse ziwiri zimaithamangira, pamene ndiyo iyenera kuyamba: zomwe zili pansi pa nthaka. Lusaka anakhala pa mwala wa laimu wodzaza ming'alu ndi mapanga, ndipo kumadzulo ndi kum'mwera madzi ali pafupi kwambiri ndi pamwamba. Mwalawu uli ngati sefa: chomwe chathiridwa pamwamba chimatsika msanga. N'chifukwa chake chimbudzi chokumba ku Kanyama ndi chitsime cha pakhomo loyandikana nalo zimamwerana madzi, ndipo gawo lalikulu la madzi omwe mzinda umamwa limachokera m'zitsime zakuya za mumzinda momwemo, lina n'kuchokera ku mtsinje wa Kafue. Bwalo lomwe kwa zaka makumi atatu linali galaja ya mabasi, mosungira mafuta, mofufutira zikopa kapena mokonzera mabatire silikhala loyera chifukwa choti pamera udzu. Oyilo, asidi ndi mankhwala zimakhalira m'dothi, ndipo madenga akale a asibesitosi akaswedwa mosasamala amatulutsa fumbi lowononga mapapo.

Azambia safunika kupita kunja kuti aphunzire zimenezi. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma ana a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi, chifukwa amasewera pa dothi lomwe fumbi la mgodi linagwerapo. Mu 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola oposa 65 miliyoni yothandiza kukonza madera a migodi kuphatikizapo Kabwe, ndipo mu 2020 mlandu unatsegulidwa ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana a kumeneko wotsutsa kampani ya Anglo American, yomwe imakana kuti ili ndi mlandu. Mu Lusaka munalibe ng'anjo ya mtovu ngati ya ku Kabwe, ndipo sikoyenera kuopseza anthu ngati kuti bwalo lililonse ndi poizoni. Koma phunziro lake ndi lomveka: kuyeza dothi nyumba zisanamangidwe n'kotchipa, kulikonza ana atadwala kale n'kodula ndipo sikubweza thanzi. Lamulo la zachilengedwe la 2011 linapatsa bungwe la ZEMA mphamvu zounika ntchito zikuluzikulu zomanga zisanayambe. Mphamvu zimenezo zigwire ntchito pa bwalo lililonse lomwe lisinthidwe, ndipo zotsatira zake zilengezedwe poyera.

Maenje aja nawonso si nkhani yongothira dothi. Madzi omwe ali mu Ngwenya ndi madzi a pansi omwe aonekera, ndipo mvula ikagwa maenjewo amalandira ena ochokera m'makomboni ozungulira. Kuwakwirira n'kumangapo popanda kuwapezera njira ndiko kuwatumiza m'nyumba za anthu a ku Kuku ndi Chawama. Ntchito ya madola pafupifupi 355 miliyoni yomwe Millennium Challenge Corporation ya ku America inalipira pakati pa 2013 ndi 2018 inakonza ngalande ya Bombay ndi kuika mapaipi a suweji ku Mtendere, ndipo inaonetsa kuti ngalande yomangidwa bwino imasintha dera. Inaonetsanso kukula kwa ndalama zofunika, ndipo Kanyama imasefukirabe. Maenje ena angafunike kusiyidwa ngati mosungira madzi a mvula, otchingidwa ndi mpanda, oyeretsedwa, ozunguliridwa ndi mitengo ndi mabwalo a mpira omwe ana a ku Misisi alibe.

Poyeza zonsezi, ofuna kumanga akunena zoona pa chinthu chachikulu: malo ogona pakati pa mzinda wothina chonchi ndi kulakwira anthu, ndipo kusunga bwalo lopanda kanthu poyembekeza kuti Lenco idzabweranso n'kudzinamiza. Koma otsutsa akunena zoona pa chinthu chomwe chidzagamule zonse, chomwe ndi funso la amene adzalowe pakhomo nyumbazo zikatha. Kusankha pakati pa nyumba ndi ntchito n'kusankha kolakwika kwa munthu wa ku komboni, amene kwa iye ziwirizi zakhala pamodzi kuyambira kale: telala amasokera pakhonde, wowotcherera amagwirira kumaso kwa nyumba, mayi amakazinga vitumbuwa pa mbaula pakhomo. Pulani yomulemekeza ingasunge mabwalo oyandikana ndi matanki a mafuta ndi mafakitale amoyo kuti akhale a ntchito, mashedi akale n'kugawidwa timashopu ta amisiri pa lendi yotheka. Mabwalo ogundana ndi Kanyama, Chibolya ndi Misisi, akayezedwa n'kupezeka abwino, ndiwo angalandire nyumba zosanja ziwiri kapena zitatu, pansi pake mogwirira ntchito.

Njira yochitira zimenezi Lusaka anaiyesapo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti imakumbukiridwa pang'ono. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ena ngati madera oyenera kukonzedwa, ndi kupatsa okhalamo chiphaso cha zaka 30 chokhalira pamalo. Ndi ngongole ya World Bank, ntchito inayamba ku George, Chawama, Chaisa ndi madera ena. Akatswiri sanajambule misewu ali mu ofesi yokha. Ankayenda m'komboni pamodzi ndi atsogoleri a anthu, kuloza pomwe msewu ndi paipi zidutse, ndipo banja lomwe nyumba yake inagwera m'njira linkapatsidwa puloti pa malo osungidwa pafupi ndi komboni yomweyo, ndi ngongole ya zipangizo zomangira. Ntchitoyo inali ndi zofooka zake. Ngongole zambiri sizinabwezedwe, ndipo misewu ndi mipope zinawonongeka posowa wozisamalira. Koma anthu masauzande ambiri anapeza madzi ndi chitetezo cha malo osathamangitsidwa kupita kutali. Chimene chinathandiza ndi malo apafupi osungidwa aja. Lero malo otere kulibenso m'mphepete mwa Kanyama kapena Misisi, kupatula mabwalo a mafakitale akale.

Mphamvu zilipo m'malamulo. Malo onse a Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo eni mabwalo aja ali ndi lisi, kawirikawiri ya zaka 99, yokhala ndi zofunika kutsata. Lamulo la malo la 1995 limalola boma kutenganso malo omwe mwini waphwanya zofunikazo. Komanso palibe angasandutse puloti ya fakitale kukhala ya nyumba kapena mashopu popanda chilolezo cha opanga mapulani, malinga ndi lamulo la mapulani a mizinda la 2015. Chilolezo chimenechi ndicho chimakweza mtengo wa malo, ndipo amene amachipereka ndi anthu onse kudzera mu khonsolo yawo. Si kulanda ngati khonsolo inena kuti chilolezo chituluka pokhapokha gawo lakutilakuti la malowo lipite ku nyumba za lendi yotsika, ku msika kapena ku mashedi a amisiri. Gawolo lilembedwe momveka, liwerengedwe pa malo onse osati pa udzu wokha monga anachitira ku Mumbai, ndipo mndandanda wa odzalowamo uyambe ndi alendi, osati eni nyumba okha, chifukwa m'makomboni ambiri alendi ndiwo ochuluka.

Poyambira pake ndi pa ntchito yosafuna ngongole yakunja. Khonsolo ya Lusaka ndi unduna wa malo awerenge mabwalo onse ogona a ku Chinika ndi dera lonse la mafakitale, alembe mwini wake, kukula kwake, chomwe chinkachitikapo ndi ngongole ya msonkho yomwe ali nayo, n'kuika mndandandawo poyera. Pakali pano zidziwitso zosintha kagwiritsidwe ka malo zimatuluka m'Chingerezi, m'timabokosi ta kumapeto kwa nyuzipepala, ndi masiku owerengeka oti wotsutsa alembe kalata. Ku Kanyama ndi ku George ochepa okha amaziona, ndipo ambiri amadziwa kuti bwalo lagulitsidwa tsiku lomwe magalimoto a mchenga afika. Zidziwitso zimenezi zimatidwe pa geti la bwalo lomwelo, pa msika ndi pa ofesi ya khansala, ziwerengedwe pa wailesi m'Chinyanja ndi m'Chibemba, ndipo komiti ya chitukuko ya wadi iitanidwe kudzamva pulaniyo chilolezo chisanasainidwe.